Miyala, Masache ndi Ayisi: Mpikisano wa Curling wa Achinyamata

Curling ndi masewera otsetseretsa miyala yolemera pamwamba pa madzi oundana. Masewerawa akhala akupezeka pa Olimpiki ya achinyamata ya m'nyengo yachisanu kuyambira pamene mpikisanowu unakhazikitsidwa mu 2012, ndipo osewera ake amakhala a zaka zapakati pa 15 ndi 18. Pa Olimpiki ya akuluakulu pali mendulo ya amuna okha ndi ya akazi okha, koma pa ya achinyamata mulibe zimenezo. Dziko limatumiza timu ya anthu anayi, anyamata awiri ndi atsikana awiri, ndipo ikapambana onse anayi amakwera limodzi pansanja kukavekedwa mendulo. M'masewera ambiri kuphatikiza chonchi n'kovuta. Mu curling n'kotheka, ndipo chifukwa chake chili m'kaseweredwe kake.

Bwalo, mwala ndi tsache

Bwalo la curling ndi kanjira ka ayisi kotalika mamita pafupifupi 45, koma m'lifupi mwake sikapitirira mamita 5. Kumapeto konse kuwiri kuli mizere yozungulira yamitundumitundu, ina mkati mwa inzake, yojambulidwa pansi pa ayisi. Malo amenewa osewera amawatcha nyumba, ndipo m'mimba mwake ndi mamita 3.66. Cholinga cha timu n'chakuti miyala yake ikaime pafupi ndi pakati penipeni pa nyumbayo kuposa ya timu inayo.

Mwala umasemedwa kuchokera ku thanthwe la granite, ndipo pamwamba pake amamangirirapo chogwirira chofiira kapena chachikasu kuti matimu azisiyanitsa. Malamulo amati kulemera kwake kukhale pakati pa makilogalamu 17.24 ndi 19.96. Amene ananyamulapo chigubu cha malita 20 chodzaza madzi akudziwa mulingo umenewu. Koma woponya saunyamula ayi. Amanyonyomala, n'kuponda ndi phazi limodzi pa chopondera cha labala chokhomeredwa mu ayisi, kenako amadzikankha n'kutsetsereka limodzi ndi mwalawo, mwendo wina utatambasukira kumbuyo. Nsapato zake n'zosiyana: ina pansi pake n'poterera kwambiri, ina ili ndi labala wogwira. Asanadutse mzere wokhuthala umene unadula bwalolo, ayenera kuusiya mwalawo, ndipo pa mipikisano ikuluikulu chogwirira chimakhala ndi timagetsi timene timayaka mofiira ngati dzanja lachedwa kuchoka.

Pousiya, woponya amapotoza chogwirira pang'ono. Mwala umayenda ukuzungulira pang'onopang'ono, mwina katatu kokha ulendo wonsewo, ndipo m'malo molunjika umakhotera mbali imene ukuzungulirayo. Kukhota kumeneku ndiye mtima wa masewerawa, pakuti kumalola mwala kuzemba unzake woima kutsogolo n'kukabisala kuseri kwake. Akatswiri a sayansi mpaka lero sanamvane chimodzi pa chimene chimaukhotetsa, ngakhale onse amavomereza kuti nkhani ili pa kakonzedwe ka ayisi. Masewera asanayambe, wokonza bwalo amayenda chafutambuyo atabereka thanki kumsana, akuwaza timadontho ta madzi. Timadonthoti timaundana pomwepo n'kusanduka timabampu tosawerengeka. Pansi pa mwala n'polowa mkati, moti chimene chimakhudza ayisi ndi kamkombero kopyapyala kokha, ndipo kamkomberoko kamayenda pamwamba pa timabamputo.

Mwala ukangochoka m'dzanja, osewera awiri amauperekeza, wina uku wina uku, atagwira masache a mpini wautali okhala ndi nsalu yolimba kumutu. Akapukuta ayisi mwamphamvu kutsogolo kwa mwala, ayisiyo amafunda pang'ono, mwala n'kupita patsogolo ndi mamita awiri kapena atatu kuposa pamene ukanaima, ndiponso sukhota kwambiri. Mtsogoleri wa timu, amene amatchedwa skip, amaima kunyumba kuja. Iye ndiye amaloza ndi tsache lake pamene woponya ayenera kulunjika, ndipo ndiye amaona ngati mwala ukubwera mumzere woyenera. Osesa amamuuza liwiro la mwala, iye n'kumawakuwira kuti asese kapena aleke. N'chifukwa chake holo ya curling simakhala zii. Mumamveka kulira kwa miyala yoyenda pa ayisi, kugundana kwake, ndi mawu a achinyamata akukuwa m'zilankhulo zosiyanasiyana pa mabwalo anayi kapena asanu nthawi imodzi.

Masewera amagawidwa m'zigawo, zisanu ndi zitatu kapena khumi malinga ndi mpikisano. Pa chigawo chilichonse timu imaponya miyala isanu ndi itatu, munthu aliyense iwiri, mosinthana ndi timu inayo. Miyala yonse 16 ikatha, timu imodzi yokha ndiyo imapeza mapointi: imene mwala wake uli pafupi kwambiri ndi pakati. Imawerengeredwa pointi imodzi pa mwala wake uliwonse umene uli m'nyumba ndipo wayandikira pakati kuposa mwala wabwino kwambiri wa adani ake. Kuponya mwala wotsiriza ndi mwayi waukulu, ndipo timu imene yapeza mapointi imataya mwayiwo pa chigawo chotsatira. Apa ndi pamene pamaonekera nzeru. Timu yokhala ndi mwala wotsiriza nthawi zina imakana dala pointi imodzi, n'kuchotsa miyala yonse m'nyumba kuti chigawo chithe popanda wopeza kanthu, pofuna kusunga mwayiwo mpaka pamene ingakolole mapointi awiri kapena atatu. Mwana wa zaka 16 woima kunyumba amayenera kuwerengera miyala itatu kapena inayi kutsogolo, uku wotchi ya nthawi yoganizira ikutha.

Mphamvu ili ndi malo ake, makamaka posesa ndi pogunda miyala ya adani kuti ituluke. Koma masewera ambiri amapambanidwa ndi dzanja lodziwa kupima liwiro, diso lodziwa kuwerenga ayisi, ndi anthu anayi omvana. Pa zinthu zitatuzi mtsikana ndi mnyamata amayambira pamzere umodzi.

Kuchokera ku maiwe a ku Scotland

Masewerawa anayambira ku Scotland, kumene anthu ankasewera pa maiwe ndi nyanja zing'onozing'ono zikauma ndi chisanu. Ku Stirling kukusungidwa mwala wolembedwa chaka cha 1511, ndipo zolembedwa za ku Paisley Abbey za mu 1541 zimatchula mpikisano woponya miyala pa ayisi. Mu 1838 kunakhazikitsidwa Grand Caledonian Curling Club, yomwe inagwirizanitsa malamulo. Anthu a ku Scotland osamukira kunja anapita nawo masewerawa ku Canada, kumene kalabu ya ku Montreal inayamba mu 1807, ndipo lero dziko la Canada lili ndi osewera ambiri kuposa dziko lina lililonse. Bungwe loyendetsa curling padziko lonse linabadwa mu 1966, likulu lake lili ku Perth, ndipo masiku ano limadziwika kuti World Curling. Curling inaseweredwa pa Olimpiki ya ku Chamonix mu 1924, kenako inakhazikika pa Olimpiki kuyambira ku Nagano mu 1998.

Miyala ya pa Olimpiki imachokerabe ku Scotland. Thanthwe lake limadulidwa pa kachilumba ka Ailsa Craig, ndipo imasemedwa ndi kampani ya Kays m'tauni ya Mauchline. Granite wa pachilumbachi samwa madzi wamba, choncho sathetheka akamazizira ndi kufunda mobwerezabwereza. Mgodi wina wodziwika uli ku Trefor, ku Wales.

Makwerero a osewera achichepere

Olimpiki ya achinyamata isanabwere, kunali kale mpikisano wa padziko lonse wa osewera osakwana zaka 21, World Junior Curling Championships. Wa anyamata unayamba mu 1975 ku East York, m'dera la Toronto, ndipo chikho choyamba chinapita ku Sweden. Atsikana anadikira zaka 13. Wawo unayamba mu 1988 ku Chamonix, ndipo anapambana ndi a ku Canada. Mu 2016 kunabwezeretsedwa gulu lachiwiri, lomwe linachitikira ku Lohja m'dziko la Finland, kuti mayiko ongoyamba kumene azilimbirana mwayi wokwera m'gulu lalikulu.

Mndandanda wa opambana mpikisano umenewu uli ndi mayina amene pambuyo pake anamveka pa Olimpiki ya akuluakulu. Brad Gushue wa ku Canada anatenga chikho cha achinyamata mu 2001, n'kudzapata golide ku Turin mu 2006. Niklas Edin wa ku Sweden anachitenga mu 2004, golide wake n'kudzabwera ku Beijing mu 2022. Anna Hasselborg anapambana mu 2010, ndipo patatha zaka zisanu ndi zitatu anatsogolera Sweden kupata golide ku PyeongChang. Woposa onse ndi Eve Muirhead wa ku Scotland, amene anatenga chikhochi kanayi, mu 2007, 2008, 2009 ndi 2011, asanapate golide wa Olimpiki mu 2022. Mipata ya zaka imeneyi ikusonyeza kuti curling simapsa msanga. Wosewera wa zaka 17 amakhala akadali koyambirira kwa ulendo umene ungamufikitse zaka 40 akupikisanabe.

M'zaka zaposachedwa zikho zayamba kumwazikana. Atsikana a ku Japan anapambana mu 2022, anyamata a ku China mu 2023, ndipo mu 2025 ku Cortina d'Ampezzo zikho zinapita kwa anyamata a ku Italy ndi atsikana a ku South Korea.

Innsbruck, Lillehammer, Champéry, Gangneung

Bungwe la International Olympic Committee linavomereza Olimpiki ya achinyamata mu 2007, Jacques Rogge ali mtsogoleri wake. Ya m'nyengo yachisanu yoyamba inachitikira ku Innsbruck, m'dziko la Austria, mu Januwale 2012, ndipo pa curling panabwera mayiko 16.

Malamulo a timu yosakanikirana salola kuti atsikana angokhalapo pokwaniritsa chiwerengero. Oponya amasinthana: akaponya mnyamata, wotsatira ndi mtsikana, mpaka onse anayi atatha. Skip ndi wachiwiri wake sangakhale onse anyamata kapena onse atsikana. Ndiye kuti pa anthu awiri amene amaganizira timu yonse, mmodzi amakhala mtsikana nthawi zonse. Lamuloli ndi laling'ono pa pepala, koma ndi limene limapangitsa kuti kusakanikiranako kukhale kwenikweni.

Ku Innsbruck golide anatengedwa ndi Switzerland, motsogozedwa ndi Michael Brunner. Siliva anapita ku Italy, timu imene skip wake anali Amos Mosaner. Patatha zaka khumi Mosaner yemweyo, pamodzi ndi Stefania Constantini, anapatira Italy golide wa awiriawiri ku Beijing osagonja ngakhale kamodzi pa masewera 11.

Ku Lillehammer mu 2016 inapambana Canada, itagonjetsa United States m'ndime yotsiriza. Skip anali mtsikana, Mary Fay wa ku Nova Scotia, ali ndi zaka 17. Chaka chomwecho anatenganso chikho cha padziko lonse cha osakwana zaka 21, kenako anasiya mipikisano ikuluikulu kuti alimbikire sukulu. Anzake atatu anapitiriza: Tyler Tardi ndi Sterling Middleton anatenga chikho cha padziko lonse cha achinyamata mu 2018 ndi 2019, pamene Karlee Burgess anachitenga katatu. Nkhani ya Fay ndi yoyenera kuikumbukira pokamba za masewera a ana a sukulu. Mpikisano wotere sukhala utalephera ngati wina mwa akatswiri ake wasankha njira ina.

Mu 2020 masewera anali a mzinda wa Lausanne, koma curling inaseweredwa m'mudzi wa kumapiri wa Champéry, ndipo mayiko anakwera kufika pa 24. Norway inagonjetsa Japan m'ndime yotsiriza. Mu 2024 mpikisano unapita ku South Korea, m'holo ya ku Gangneung yomwe inachititsa curling ya Olimpiki ya 2018, ndipo Great Britain inatenga golide itagonjetsa Denmark.

Awiri osadziwana

Chinthu chochititsa chidwi kwambiri pa mipikisano itatu yoyambirira chinkabwera masewera a matimu akatha. Matimu onse ankaphwasulidwa, osewera n'kuikidwa awiriawiri, mnyamata wa dziko lina ndi mtsikana wa dziko lina. Ku Innsbruck ndi ku Lillehammer anali magulu 32, ku Champéry 48. Okonza ankayang'ana mmene matimu athera kuti ochita bwino asaunjikane pamodzi. Mpikisanowo unali wachipulula: kugonja kamodzi, basi kwatha.

Masewera a awiriawiri ndi achangu. Chigawo chisanayambe, mwala umodzi wa timu iliyonse umaikidwiratu pabwalo, ndipo timu imaponya miyala isanu yokha. Wosewera mmodzi amaponya woyamba ndi wotsiriza, mnzake itatu yapakati. Osesa apadera palibe, moti woponya nthawi zambiri amadzuka n'kuthamangira mwala wake womwe kukausesera. Anthu awiriwo ayenera kumvana pa chilichonse, ndipo apa anali achinyamata amene dzulo lake ankalimbana, mwinanso osamva chilankhulo cha mnzawo. Ankadalira manja, tsache lolozera ndi mawu ochepa a masewerawo amene onse amawadziwa. 

Mu 2012 golide anatengedwa ndi Michael Brunner wa ku Switzerland ndi Nicole Muskatewitz wa ku Germany. Mu 2016 anali Yako Matsuzawa wa ku Japan ndi Philipp Hösli wa ku Switzerland, atagonjetsa Han Yu wa ku China ndi Ross Whyte wa ku Great Britain. Mu 2020 anali Laura Nagy wa ku Hungary ndi Nathan Young wa ku Canada. Kwa wosewera wochokera kudziko la curling yochepa, masiku amenewo anali sukulu yosagulika, pakuti ankaona pafupi mmene mnzake woleredwa m'kalabu yakale amawerengera ayisi ndi mmene amadzigwirira zinthu zikavuta.

Ku Gangneung mu 2024 kachitidwe kameneka kanasiyidwa. Awiriawiri anali a dziko limodzi, monga zimakhalira pa Olimpiki ya akuluakulu kuyambira mu 2018, ndipo golide anapitanso ku Great Britain kudzera mwa Callie Soutar ndi Ethan Brewster. Kusinthaku kuli ndi ubwino wake, popeza kumakonzekeretsa achinyamata mpikisano umene adzakumane nawo akakula. Komabe chimene chinatayika n'chachikulu. Mipikisano yoimira mbendera ilipo yambirimbiri, pamene yophunzitsa mwana kudalira mlendo inali yosowa.

Kudziweruza wekha

Curling ili ndi oyimbira, koma nthawi zambiri amangoyang'anira chapatali. Achiwiri a ma skip a matimu awiriwo ndiwo amagwirizana za mapointi a chigawo, ndipo woyimbira amaitanidwa ndi chida choyezera pokhapokha maso akalephera kusiyanitsa. Wosesa akakhudza mwala woyenda ndi tsache kapena phazi, amayembekezeka kudziulula yekha, ngakhale palibe wina waona. Kusangalalira kulakwitsa kwa mdani kapena kumusokoneza poponya n'kosayenera. Masewera amayamba ndi kugwirana chanza, ndipo timu ikaona kuti singathenso kubweza, imavula magolovesi n'kukapereka moni kwa opambana zigawo zisanathe. Kutero si manyazi. Ndi ulemu.

Khalidweli linalembedwa koyambirira kwa buku la malamulo la World Curling, ndipo makochi a achinyamata amaliphunzitsa limodzi ndi kaponyedwe. Si kuti mikangano kulibe. Cha m'ma 2015 kunabuka mkangano waukulu pa nsalu zatsopano za masache zimene zinkakanda ayisi n'kumawongolera mwala mopitirira muyeso, mpaka mu 2016 bungweli linalamula kuti pa mipikisano yake onse azigwiritsa ntchito nsalu ya mtundu umodzi. Koma mwana amene waphunzira kunena kuti wakhudza mwala, pamene mendulo ili pafupi ndipo makamera akujambula, watenga chinthu chimene adzachigwiritse ntchito kunja kwa holo.

Vuto la ayisi

Chotchinga chachikulu cha masewerawa ndi bwalo. Ayisi wa curling amafuna makina oziziritsa osazima, madzi osefedwa bwino, mpweya wosanyowa m'holo, ndi mmisiri wodziwa kusalaza ndi kuwaza. Ayisi amene anthu aseweretsapo nsapato zotsetserekera amakhala wokandikakandika ndi wopendekeka, moti mwala sumvera. Miyala 16 ya bwalo limodzi nayonso ndi ndalama zambiri, ngakhale imakhala zaka makumi angapo. Dziko lopanda holo yotere limayenera kutumiza ana ake kunja kuti akangoyeserera.

Zimene holo imodzi ingachite zinaoneka ku Uiseong, dera la alimi a adyo ku South Korea. Kumeneko kunatsegulidwa holo ya curling mu 2006, ndipo atsikana ena a kusekondale yapafupi anayamba kupitako akaweruka. Mmodzi mwa iwo anali Kim Eun-jung. Mu 2018 iye ndi anzake anapata siliva pa Olimpiki, mendulo yoyamba ya curling ya dziko lawo.

Mu Africa, Nigeria ndiyo inayamba kulowa m'bungwe la padziko lonse, mu 2018, ndipo Kenya inatsatira mu 2021. Achinyamata a ku Nigeria ankaphunzirira ku Lagos pansi pouma, ndi miyala yopepuka yoyendera timatayala. Njira imeneyi imaphunzitsa malamulo, kuwerengera ndi kulunjika, koma singaphunzitse kutsetsereka, kusesa kapena kumva liwiro la mwala weniweni. Ngakhale zinali choncho, mu 2024 anafika ku Gangneung monga timu yoyamba ya curling ya ku Africa pa Olimpiki ya achinyamata. Sanadutse ndime ya m'magulu, ndipo zimenezo sizodabwitsa kwa ana opikisana ndi anzawo amene anakulira pa ayisi. Kuitana mayiko otere ku mpikisano wa masiku ochepa n'koyenera, koma n'kosakwanira ngati palibe thandizo loti anawo azipeza ayisi weniweni miyezi ingapo mpikisano usanafike. Olimpiki ya achinyamata ya m'nyengo yachisanu yobwera pambuyo pa ya ku South Korea inaperekedwa kudziko la Italy, m'madera a Dolomiti ndi Valtellina, kuti ichitike mu 2028.